Kuyezetsa DNA ya Mzere wa Kuchimuna: Zimene Munthu wa ku Chipata Amapeza pa Ndalama Zake

Makampani angapo a ku America ndi ku Ulaya amagulitsa mayeso a DNA amene amalondola mzere wa kuchimuna wokhawokha, kuchokera pa munthu kupita kwa atate ake, kwa atate a atate akewo, mpaka kukafika kumbuyo kumene ngakhale nkhalamba yodziwa mbiri siingakumbukeko. Ena mwa makampani odziwika ndi FamilyTreeDNA ya ku Houston, imene inakhazikitsidwa mu 2000, African Ancestry imene inayamba mu 2003 pofuna kuthandiza anthu akuda a ku America kufufuza kwawo, ndi YSEQ ya ku Berlin, koma aliponso ena. Ine ndinagula mayeso otere ndili kuno ku Chipata, poyamba aang'ono kenaka aakulu. Dzina la kampani imene ndinagulako ndilisiya, popeza zambiri zimene ndinaona zimachokera pa mtundu wa malonda enieniwo osati pa khalidwe la kampani imodzi. Maganizo anga ndi akuti ntchito ya mu labotale ndi yolongosoka ndipo sinama, koma funso limene mayesowa amayankha n'losiyana ndi limene ambiri a ife kuno kum'mawa timakhala nalo potulutsa ndalama, ndipo otsatsa malonda sachita changu kutiuza zimenezo.

Pafupifupi selo iliyonse ya m'thupi la munthu ili ndi makromozomu 46, timitolo ta DNA toikidwa tiwiritiwiri. Awiri omaliza ndiwo amasiyanitsa mwamuna ndi mkazi: mkazi ali ndi ma X awiri, pamene mwamuna ali ndi X yochokera kwa amayi ake ndi Y yochokera kwa atate ake. Makromozomu enawo amasakanikirana pa m'badwo uliwonse, koma mbali yaikulu ya Y imafika mwa mwana wamwamuna monga momwe inalili mwa atate ake, kupatulapo tizolakwika tating'ono timene timachitika mwa apo ndi apo pamene thupi likukopera DNA. Zili ngati kaundula wa m'mudzi amene mlembi aliyense watsopano amakopera pamanja kuchokera m'buku la amene anam'tsogolera: chilembo chimodzi chikalakwika, onse obwera pambuyo amachitenga cholakwikacho, kotero kuti munthu woyerekeza mabuku ambiri angathe kudziwa kuti ili linakopedwa kuchokera ku liti. Tizolakwika timeneti, timene akatswiri amatitchula kuti SNP, nditimene timagawa amuna onse a padziko lapansi m'nthambi zotchedwa haplogroup, zolembedwa ndi zilembo kuyambira A mpaka T. Palinso zizindikiro za mtundu wina, zotchedwa STR, zimene zimasintha msanga ndipo n'zosavuta kuyeza, ndiye chifukwa chake mayeso otsika mtengo amadalira zimenezi. Mkazi sangayezedwe mayeso amenewa. Ayenera kupempha atate ake, mlongo wake, kapena mwamuna wina wa kuchimuna, ndipo malume ake, amene Mchewa aliyense amayamba kuwaganizira pa nkhani za ubale, pano sangathandize ngakhale pang'ono.

Kugula kumachitika pa intaneti, ndipo ndalama zimadulidwa m'madola pa khadi ya ku banki. Mayeso aang'ono ndinalipira madola opitirira pang'ono 100, aakulu madola mazana angapo, ndipo ukazisintha kukhala kwacha n'kuwonjezerapo mtengo wotumizira uku ndi uku, zimafika pa ndalama imene mlimi angagulire matumba angapo a feteleza. Phukusi lake ndi laling'ono: timitengo tiwiri tokhala ndi thonje kumutu, timabotolo tiwiri ta madzi osungira, fomu yosaina ndi envulopu yobwezera. Palibe jakisoni ndipo palibe kutenga magazi. Munthu amapala mkati mwa tsaya kwa mphindi imodzi, makamaka m'mawa asanadye kanthu kapena kumwa tiyi, kenaka n'kuika kathonjeko m'botolo n'kutseka. Chovuta ndi mayendedwe. Fomu ya pa intaneti imafuna keyala ya nyumba yokhala ndi nambala ndi dzina la msewu, chinthu chimene nyumba zambiri za ku Kapata, ku Mchini kapena ku Nabvutika zilibe, choncho ine ndinalembetsa keyala ya m'bale wanga wa ku Lusaka, amene anapatsira phukusilo pa basi. Pobweza ndinagwiritsa ntchito kampani yotumiza katundu mwachangu, ndipo zotsatira zinatuluka patapita miyezi ingapo.

Mayeso aang'ono ndinayezetsa ndekha. Pa mayeso aakulu ndinapempha mkulu wa onse kuchimuna kwathu, mwana wa mkulu wawo wa agogo anga, amene mwa mwambo ndimawatchula kuti atate aakulu, ndipo amakhala kumudzi chakufupi ndi Mtenguleni. Kwathu kuno malovu, tsitsi ndi zikhadabo sizinthu zopereka mwachisawawa, ndipo palibe pepala la m'phukusimo limene limakonzekeretsa munthu za zimenezo. Anatenga kamtengoko n'kukatembenuza kangapo, kenaka anafunsa kuti, "Mwana wanga, malovu angawa akapita kwa azungu adzabwerako?" Ndinayankha kuti, "Iyayi atate, sadzabwerako, koma adzatitumizira uthenga wonena za kumene makolo athu anachokera." Iwo anaseka n'kunena kuti, "Makolo athu ndimawadziwa ine, ukafuna khala pansi ndikuuze." Anatchula maina a amuna asanu motsatizana, ndipo womaliza anati ndiye anabwera ndi nkhondo ya Angoni kuchokera kutsidya kwa Zambezi. Anavomera kupala tsaya atamva kuti adzasaina okha ndiponso kuti ali ndi ufulu wouza kampaniyo kuti itaye malovuwo tsiku lililonse limene afuna.

Apa ndi pamene ndinaona kuti labotale ikugwira ntchito moona. Kampaniyo sinkadziwa kuti ndife apachibale, popeza tinalembetsa padera ndiponso pa nthawi zosiyana, komabe zotsatira zawo zitangotuluka dzina langa linaonekera pamwamba pa mndandanda wa anthu ofanana nawo, ndipo zizindikiro zathu za STR zinagwirizana pafupifupi zonse. Pa mbali imeneyi ndilibe chodandaula.

Dandaulo langa lili pa chimene mayeso aang'ono amapereka. Yankho lake linali la mawu amodzi okha, E-M2, pamodzi ndi mapu okhala ndi muvi wochokera kumadzulo kwa Africa. Munthu akaliona koyamba amayesa kuti wapeza chinthu chakechake, koma E-M2 ndi nthambi imene amuna ambiri a kumadzulo, pakati ndi kum'mwera kwa Africa alimo, ndipo kholo limene onsewa amakumanirapo linakhalako zaka zoposa 10,000 zapitazo. Kufala kwake kuno kwathu kumagwirizana ndi kufalikira kwa anthu olankhula zinenero za Chibantu, amene anayamba kusuntha kuchokera m'malire a Nigeria ndi Cameroon zaka 4,000 kapena 5,000 zapitazo, ndipo alimi odziwa kusula chitsulo anafika m'dera lino m'zaka mazana oyambirira pambuyo pa kubadwa kwa Khristu, monga zofukulidwa pa Kamnama, kuno kum'mawa kwa Zambia, zimasonyezera. Akatswiri a ku Max Planck Institute ya ku Leipzig anayeza Abisa ndi Akunda a m'chigwa cha Luangwa, ndipo zimene anafalitsa mu 2010 zinasonyeza kuti amuna ochuluka kumeneko ali m'nthambi yomweyi. Tanthauzo lake n'lakuti mukanaima pa msika wa Kapata n'kuloza mwamuna aliyense wodutsa, kaya ndi Mchewa, Mnsenga, Mngoni, Mtumbuka kapena Mbemba, n'kunena kuti ameneyo ndi wa E-M2, mukanalondola nthawi zambiri popanda kulipira ngwee. Kugulitsa yankho lotere kwa munthu wa kuno pa mtengo wa madola 100 si chinyengo, koma sindingalimbikitse mnzanga kuti aligule.

Maina a nthambi nawonso amasokoneza. Nthambi imodzimodziyo m'zolemba za m'ma 2002 inkatchedwa E3a, kuyambira 2008 inakhala E1b1a, ndipo zilembo zinapitiriza kuwonjezeka pamene nthambi zatsopano zinkapezeka, mpaka makampani anayamba kungotchula chilembo choyamba ndi dzina la chizindikiro, monga E-M2. Tsamba la kampani limene ndinagwiritsa ntchito silifotokoza zimenezi momveka, ndipo zonse zili m'Chingerezi cha akatswiri chimene ngakhale mphunzitsi wa sayansi wa ku sekondale angafunike kuchiwerenga mobwereza.

Mayeso aakulu ndi ena ndithu. M'malo moyeza zizindikiro makumi angapo, amawerenga zilembo mamiliyoni ambiri za kromozomu ya Y, ndipo popeza chizindikiro chatsopano cha SNP chimaonekera pafupifupi kamodzi pa mibadwo itatu mpaka isanu, angathe kutsika kuchokera ku nthambi yakale kukafika ku kanthambi ka zaka mazana ochepa chabe. Atate aakulu anapezeka pansi pa E-U175, ndipo pansi pake pa E-U209. Nthambi ya E-U175 pamodzi ndi inzake ya E-U174 ndizo zofala kwambiri pakati pa olankhula Chibantu kuyambira ku Cameroon mpaka ku South Africa. Kupitirira apo, lipotilo linasonyeza zizindikiro zambirimbiri zimene linati n'zathu zokha, kutanthauza kuti palibe munthu wina m'kaundula wa kampaniyo amene anapezeka nazo. Zimamveka ngati ulemu, koma kwenikweni ndi umboni wakuti abale athu sanayezedwe. Kanthambi kamapatsidwa dzina pokhapokha amuna awiri akapezeka ndi chizindikiro chofanana, ndipo popeza ogula ambiri ndi azungu a ku America ndi ku Ulaya, mzungu wa ku Ireland kapena ku Scotland amauzidwa za kholo la zaka 300 kapena 400 zapitazo, pamene ife timaimitsidwa pa kholo lakale kwambiri, ngakhale talipira ndalama zofanana.

Funso limene Mngoni amapita nalo ku mayeso otere n'lodziwika: kodi ife tinachokeradi ku Zululand, kapena tinatengedwa panjira? Mayesowa sangayankhe, ndipo chifukwa chake chili m'mbiri ya Angoni yeniyeniyo. Zwangendaba, mtsogoleri wa Angoni, anachoka kum'mwera cha m'ma 1820 Andwandwe atagonjetsedwa ndi Shaka, anadutsa pakati pa Athonga a kum'mwera kwa Mozambique ndi Akaranga a ku Zimbabwe, ndipo anawoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo mu Novembala 1835, tsiku limene kunachita kadamsana wa dzuwa. Anthu ake anakhala pakati pa Ansenga, anadutsa kwa Achewa ndi Atumbuka, mpaka anakafika ku Ufipa m'dziko la Tanzania kumene iye anafera cha m'ma 1848. Mwana wake Mpezeni anabwerera chakum'mwera nadzakhazikika m'dera lino cha m'ma 1870, mpaka nkhondo ya mu 1898 pamene Angerezi anagonjetsa Angoni ndi kupha Nsingo, mwana wa Mpezeni. Paulendo wonsewu mtundu unkakula potenga anthu. Mnyamata wogwidwa ankalowa m'gulu la ankhondo, ankapatsidwa mkazi, ankatha kukwera mpaka kukhala nduna, ndipo ana ake ankabadwa ali Angoni osakayikitsa. N'chifukwa chake pa Nc'wala mumapeza a Jere akuvina ingoma pamodzi ndi a Tembo, a Daka, a Phiri ndi a Sakala, ndipo n'chifukwa chakenso Chingoni cha kwa Mpezeni masiku ano chimamveka ngati Chinsenga. Ungoni unali kulowa m'dongosolo la mfumu, la nkhondo ndi la ng'ombe, ndipo palibe chizindikiro cha m'thupi chimene chimalemba zimenezo.

Ngakhale titasiya mbiri pambali, pali chopinga china. Azulu, Aswazi ndi Axhosa nawonso ndi olankhula Chibantu, ndipo amuna awo ambiri ali m'nthambi zomwezi za E-M2 zimene Achewa ndi Ansenga alimo. Pamene DNA yonse ya Desmond Tutu, bishopu wa ku South Africa, inafalitsidwa mu 2010, kuchimuna kwake kunapezeka nthambi ya E1b1a, pamene kuchikazi kunapezeka mzere wa L0d, wofala pakati pa Akhoisan, anthu amene analiko kum'mwera kwa Africa olankhula Chibantu asanafike. Chimene chimasiyanitsa kwambiri anthu a kum'mwera ndi ife ndi kusakanikirana kwawo ndi Akhoisan, ndipo kusakanikiranako kunadzera makamaka mwa akazi, kumene kromozomu ya Y siifikako. Choncho dzina lakuti E-U209 silinatsimikize kapena kutsutsa mawu a atate aakulu onena za kholo lowoloka Zambezi. Chikanathandiza n'chakuti mwamuna wina wa ku KwaZulu-Natal kapena ku Eswatini apezeke ndi zizindikiro zathu zija n'kuonetsa kuti tinasiyana zaka 200 kapena 300 zapitazo, koma mwamuna woteroyo ayenera kuyamba wayezetsa.

Kwa Mchewa vuto lake ndi lina, ndipo mwina ndi lalikulu kuposa la Mngoni. Amayi anga ndi Achewa a ku Katete, ndipo kumeneko munthu ndi wa mbumba ya amayi ake. Nkhoswe yake ndi malume, ufumu umachoka kwa mwini kupita kwa mwana wa mlongo wake, ndipo ngakhale mpando wa Kalonga Gawa Undi, kumene Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika pa Kulamba mwezi wa Ogasiti, umayenda motero. Pa chikamwini mwamuna ndiye amasamuka kukakhala kwa mkazi, kotero kuti mzere wa kuchimuna umadumpha kuchoka m'mudzi uno kupita m'mudzi wina pa m'badwo uliwonse, pamene akazi ndiwo amakhala pa nthaka. Kromozomu ya Y, kunena mwachidule, imalondola akamwini. Mfumu ya Chichewa ndi mphwake amene adzalowe ufumuwo angathe kukhala m'nthambi ziwiri zosiyana kotheratu, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Ndamva anthu akunena kuti mayeso otere angathetse mikangano ya ufumu, koma pa ufumu wa kuchikazi iwo alibe chonena, ndipo wofuna kulondola mzere wa amayi ayenera kugula mayeso ena, a DNA ya mitochondria, amene amatsata mzere wa kuchikazi. Ziwongo nazonso sizodalirika pano monga momwe makampani amaganizira. Dongosolo lawo lonse linamangidwa pa mwambo wa ku Ulaya wakuti dzina la banja limayenda ndi atate kwa zaka mazana ambiri, pamene kwa Achewa mfunda wa Phiri kapena Banda kale unkayenda ndi amayi, ndipo kutenga chiwongo cha atate kunafala pambuyo pake. A Banda awiri akapezeka m'nthambi zosiyana, palibe amene wanama.

Ndi bwinonso kuwerengetsa. Munthu ali ndi makolo awiri, agogo anayi, ndipo akabwerera m'mbuyo mibadwo khumi malo a makolo amakwana 1,024. Mayeso a Y amanena za mmodzi yekha mwa amenewa. Satifiketi yokongola imene makampani ena amatumiza, yonena kuti munthu ndi wa fuko lakutilakuti, imabisa mfundo imeneyi, ndipo imabisanso kuti nthambi za Y n'zakale kwambiri kuposa mafuko onse amene tikuwadziwa lero.

Mndandanda wa anthu ofanana nafe unali ndi maina ochepa, ndipo ambiri anali anthu akuda a ku America. Izi sizodabwitsa, popeza amuna akuda oposa theka a ku United States ali m'nthambi ya E-M2 chifukwa cha malonda a akapolo, komanso iwo ndiwo amagula mayesowa mochuluka pakati pa anthu ochokera ku Africa. Mmodzi anandilembera kalata yaulemu kwambiri, akufunsa ngati makolo ake anali a ku Zambia. Ndinamuyankha kuti n'zotheka, popeza m'zaka za m'ma 1800 anthu a chigawo chino ankagwidwa n'kutsitsidwa ku madoko monga Quelimane ndi Kilwa, ndipo ena anakafika ku Brazil ndi ku Cuba, koma kuti mtunda wa pakati pa zizindikiro zathu unkaloza ku kholo lakale kwambiri, mwina la nthawi imene makolo athu anali asanachoke n'komwe kumadzulo. Kampani ikanachita bwino kuika chenjezo lotere poonekera, chifukwa munthu amene wakhala moyo wake wonse akufunafuna kwawo savuta kukhulupirira dzina loyamba la ku Africa limene waliona.

Ngakhale zili choncho, sindinganene kuti kuyezetsa kwa munthu wa kuno n'kopanda phindu. Nthambi yakale kuposa zonse zodziwika, yotchedwa A00, inatulukira kudzera mwa wogula wamba: mdzukulu wina wa Albert Perry, munthu wakuda wa ku South Carolina, anayezedwa, ndipo zotsatira zake sizinakwane pa nthambi iliyonse imene inkadziwika. Akatswiri anafalitsa nkhaniyi mu 2013, atapeza nthambi yomweyo pakati pa Ambo a kumadzulo kwa Cameroon, ndipo inakankhira muzu wa mtengo wonse wa mizere ya kuchimuna kumbuyo kupitirira zaka 200,000. Kuno kwathu si amuna onse amene ali mu E-M2. Ena ali mu B-M150, imene imapezeka pakati pa olankhula Chibantu, ndipo mwa apo ndi apo m'chigawo chino cha Africa mumapezeka B-M112 ndi nthambi za A, zimene n'zofala pakati pa alenje akale monga Asan, kapena E-M293 imene imagwirizana ndi abusa a ziweto ochokera kum'mawa kwa Africa. Nthano zathu zimanena za Akafula, anthu aafupi amene makolo anawapeza kuno, ndipo zojambula za m'mapanga a Thandwe ndi Makwe ndi umboni wakuti dziko lino linali ndi eni ake kalekale. Mu 2017 kunafalitsidwa DNA ya mafupa akale a ku Hora, Fingira ndi Chencherere ku Malawi, ndipo inasonyeza kuti Achewa, Angoni, Atumbuka ndi Ayao a masiku ano alibe pafupifupi chilichonse chochokera kwa alenje amenewo. Mu 2022 kunawonjezeredwa DNA ya munthu wa zaka pafupifupi 5,000 zapitazo wofukulidwa m'phanga la Kalemba ku Chadiza. Mwamuna wa kuno amene angapezeke ndi nthambi yachilendo angawonjezere chinthu chenicheni pa nkhani imeneyi, ndipo mayeso aakulu okha ndiwo angachionetse bwinobwino.

Pali ngozi imene pepala lotsatsa limaitchula m'zilembo zing'onozing'ono, koma m'banja ingathe kuwononga zambiri. Zotsatira zanga ndi za atate aakulu zinagwirizana, koma zikanatha kusiyana, ndipo zikanasiyana bwenzi zitaulula kuti penapake pakati pathu mwana anabadwa kwa mwamuna wina. Makolo athu anali ndi njira zawo zosungira nkhani zotere. Kwa Angoni mwana anali wa nyumba imene inapereka ng'ombe za malobolo, ndipo banja losowa mwana nthawi zina linkathandizidwa mwachinsinsi ndi akuluakulu popanda mwanayo kudziwa. Chokolo cholowedwa ndi mng'ono wa malemu sichisintha kromozomu ya Y, koma njira zinazo zimaisintha. Munthu asanapemphe abale kuti ayezedwe, ayenera kukambirana nawo za chimene adzachite zotsatira zikasiyana, ndipo ngati pali mkangano wa munda kapena wa chuma cha masiye, ndi bwino kusiya. Komanso mayeso amenewa si mayeso otsimikizira atate a mwana, chifukwa mwamuna, mng'ono wake ndi ana aamuna a atate ake aang'ono onse ali ndi Y yofanana, choncho sangaloze kuti mwa iwo wabereka ndani.

Za chinsinsi ziyeneranso kuganiziridwa. Lamulo la Zambia loteteza mbiri ya munthu, Data Protection Act la 2021, limaika za chibadwa m'gulu la zinthu zofunika chitetezo chapadera, koma malovu akafika kutsidya kwa nyanja amakhala m'manja mwa kampani yotsatira malamulo a kwawoko. Mu 2023 akuba a pa intaneti anapeza mbiri ya anthu pafupifupi 6.9 miliyoni a ku kampani ya 23andMe, ndipo mu Malichi 2025 kampaniyo inapita kukhoti kukalengeza kuti yalephera kubweza ngongole, zimene zinachititsa ogula ambiri kuda nkhawa kuti DNA yawo idzagwera m'manja mwa yani. Kromozomu ya Y si ya munthu mmodzi, pakuti woyezetsa amaululanso za ana ake aamuna, abale ake ndi adzukulu amene sanabadwe. Pa tsamba la kampani imene ndinagulako pali malo osankhira ngati dzina lako lionekere kwa ena ndiponso ngati zotsatira zako zigwiritsidwe ntchito pa kafukufuku, koma malowo ndi obisika ndipo amafuna kuwafunafuna.

Kwa munthu amene akungofuna kudziwa nthambi yake, mayeso aang'ono sindikuwavomereza, chifukwa yankho lake tingalilosere tili pa khonde. Kwa Mchewa wofuna za mbumba kapena za ufumu, mayeso a Y si oyenera, ndipo ndalamazo zingagwire bwino ntchito pa mayeso a mzere wa kuchikazi. Amene angapindule ndi banja la kuchimuna, monga la Angoni kapena Atumbuka, limene lili ndi funso lenileni loti liyankhidwe, mwachitsanzo ngati nyumba ya kwa Mpezeni ndi nyumba ina ya kwa M'mbelwa ku Mzimba kapena kwa Gomani ku Ntcheu, zimene zimatchula kholo limodzi, zilidi za kholo limodzilo. Pamenepo abale asonkhe ndalama, adikire nyengo imene makampani amatsitsa mitengo chakumapeto kwa chaka, ndipo agule mayeso aakulu a amuna awiri kapena atatu ochokera m'nyumba zotalikirana kwambiri, kuyambira ndi achikulire, osati a munthu ndi mng'ono wake amene zotsatira zawo zidzangofanana. Posankha kampani, afunse ngati imatumiza phukusi ku Zambia, ngati imalola kutsitsa fayilo yonse ya zotsatira kuti ikayerekezedwe pa akaundula ena a nthambi za Y monga wa YFull, ndiponso ngati imasunga malovu otsala kuti mayeso ena adzachitike m'tsogolo popanda kukavutitsanso nkhalamba kumudzi.